Bonongwe m'Jekete

Kuno kwathu mu mzinda wa Solo munthu wabwinobwino sayenda pansi. Wofuna machesi kugolosale ya pakona amakwera njinga yamoto. Wopita kumzikiti woti denga lake akuliona ali pakhonde, nayenso njinga yamoto. Miyendo ntchito yake ndi kuchirikiza njinga pamaloboti basi. Inenso ndinali wotero kwa zaka zambiri, ndipo bwenzi ndili wotero mpaka lero amuna anga, Pak Kasiman, kapena kuti Bambo Kasiman, akanapanda kumwalira momwe anamwalirira.

Ankamata matayala m'mphepete mwa msewu waukulu, pansi pa mtengo wa bwemba, pafupi ndi maloboti pomwe mabasi ndi njinga zimaima zikufuka. Zaka makumi atatu ndi ziwiri anakhala pamenepo pa kampando kakafupi, nkhope yawo msinkhu umodzi ndi mapaipi a utsi. Fodya sanamulawepo, mpaka anzawo ankawaseka, poti mwamuna wa kuno wopanda ndudu pakamwa ngosowa. Koma dokotala atakweza chithunzi cha m'chifuwa mwawo pa nyale, funso lake loyamba linali loti amasuta mapaketi angati pa tsiku. Nditamuuza za mtengo wa bwemba uja anangogwedeza mutu n'kubweza chithunzicho mu envelopu. Anatsokomola miyezi isanu ndi itatu, kenaka tinakawaika.

Mapemphero a maliro anadzaza nyumba: tsiku lachitatu, lachisanu ndi chiwiri, la makumi anayi, la zana. Mikeka inkafika pakhonde, matambula a tiyi osakwanira. Litadutsa la zana aliyense anapinda mkeka wake. Mwana wathu mmodzi yekhayo, Danang, anali atabwerera kale ku Jakarta, likulu la dziko lathu, kumene amagwira ntchito ndi kukhala ndi mkazi wake Ratih. Ine ndinatsala ndi wotchi ya pakhoma ndi analimata awiri a kuseri kwa kabati. Masiku ena ndinkazindikira madzulo kuti pakamwa panga sipanatuluke liwu kupatula la pemphero.

Miyezi yanga inayi ndi masiku khumi yokhala m'nyumba monga mkazi wamasiye itakwana, ndinakankhira njinga ya malemuwo pabwalo kuti ndipite kumsika. Ndinailiza. Kamphepo kanatenga utsi n'kuuponyera kumaso kwanga, ndipo linali fungo lomwe lija la malaya awo, limene ndinalimbana nalo pochapa kuyambira ndili mtsikana. Ndinaithimitsa. Ndinaibweza pabalaza, kuiphimba ndi nsalu, kutenga dengu n'kuyamba kuyenda.

Ine sukulu sindinapite nayo patali. Za kutentha kwa dziko ndimangozimva pa wailesi yakanema, ndipo theka sindimvetsa. Chimene ndikudziwa n'chakuti utsi sumathera m'mwamba, pali munthu amene amaumeza. Pansi pa bwemba paja pakhala kale bambo wina, wa ana atatu, pa kampando komweko. Ndinati mumtima, wanga wokha asaumeze. Kumsika, kuchipatala, kwa wosoka zovala, konse kumene miyendo ingandifikitse, ndiziyenda.

Sindinafike ngakhale pakona. Pak Jumadi, a nyumba yachitatu kuchoka pathu, anamanga buleki pambali panga, phazi limodzi pansi.

"Bu Tarmi! Yafa njinga?" Tarmi ndi ine, chidule cha Sutarmi, ndipo Bu ndiye kuti mayi.

"Ili moyo, Pak. Ikupuma."

"Ndiye kwerani apa. Dzuwa ili likuphulitsani mutu."

"Zikomo, ndingofika pafupi pomwepa."

"Pafupi pati, ndi dengu lonselo? Kapena mukuopa kuti ndi mimba yangayi malo sakwana? Ndiipinda, Bu, imapindika."

Kuno sukana chifundo cha munthu maso ndi maso. Ndiponso ungamuuze bwanji mnzako, wakhala pa njinga yolira, kuti utsi wakewo ndi umene unapha amuna ako? Kukana nsalu ya akulu n'kuviika, ndiye ine ndinkaviika. Lero ndikudikira munthu, mawa ndidutsira kwa wosoka zovala, mkuja bondo langa silikufuna kupindidwa. Ulendo wa mphindi makumi awiri ndi zisanu ndinkaimitsidwa kasanu, kasanu ndi kamodzi. Ndipo munthu ukamukana sachoka msanga. Amayamba wakuuza za shuga wake, za mwana wake amene walephera mayeso, za amene agonekedwa kuchipatala. Ndinkayenda m'mphepete mwa ngalande, poti malo a woyenda pansi anadzadza ndi mabenchi a ogulitsa zokazinga, ndikung'ung'udza kuti anthu awa bwanji osangondisiya.

Kumsika ndinkathera pa benchi ya Yu Painem, kapena kuti achemwali Painem, wogulitsa masamba, mayi woti pakamwa pake sipagona.

"Wafika msilikali wapansi! Patukani, patukani, angakupondeni."

"Bonongwe ameneyu si wa dzulo uja, Yu, mwangomuwaza madzi?"

"Wa dzulo ndinu, Bu. Uyu ndathyola m'mawa uno, akadali ndi tulo m'maso."

Ankandikankhira kampando, ndimakhala, timasankha tsabola limodzi tikunena anthu. Ndinkabwerera ndi bonongwe mpukutu umodzi, kachidutswa ka tempe, ndiwo yathu ya soya, nthawi zina nsomba imodzi, poti mphika wa munthu mmodzi sufuna zambiri. Ndinene mosabisa: ulendo umenewo ndiwo unkandidzutsa pabedi. Ndikamaliza pemphero la m'bandakucha ndinkakhala ndi koti ndipite. Popanda iwo, tsiku linali chipinda chimodzi kuyambira m'mawa mpaka madzulo, ndipo ndinkachiopa chipinda chimenecho.

Zoona zake ndinauzako munthu mmodzi yekha, Bu Wiwik, akazi a wapampando wa dera lathu, amene amatsogoleranso gulu la amayi. Anandipeza ndikupumira pa mlatho, ndipo tsiku limenelo mabodza anali atandithera. Ndinawafotokozera za chithunzi cha m'chifuwa chija ndi za bambo wa pansi pa bwemba. Anandigwira dzanja, maso atalengeza misozi, n'kunena kuti, "Pepani, Bu, chisoni chimachita zimenezi. Zidzatha." Anachoka akukhulupirira kuti mutu wanga wasokonekera pang'ono.

Poti munthu sangayende pansi popanda chifukwa, anthu anandifunira zifukwa. Yu Painem ndi amene ankandibweretsera zonse. Ena ankati ndi misala ya umasiye. Ena ankati pali bambo wogulitsa kokonati kumsika, nayenso wofedwa, ndipo galu wamkota sakandira pachabe. Imeneyo ndinaseka mpaka kutsokomola, poti bamboyo ali ndi dzino limodzi ndipo nalonso likugwedezeka. Koma yachitatu sinali yoseketsa. Ankati Danang anagulitsa njinga ya bambo ake maliro asanazizire, n'kuwataya amayi ake kuti aziyenda padzuwa ngati wopempha.

Bu Wiwik si munthu woipa, ndi munthu amene chifundo chake chimafuna mboni. Tsiku lina anandijambula chakumbuyo ndikuchokera kumsika, dengu nditalimangira kumsana ndi nsalu, nditawerama pang'ono poti munali mpunga. Anaika chithunzicho pa gulu la pa foni la amayi, pansi n'kulemba kuti, "Taonani mayi athu. Ana a masiku ano. Mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo." Wina anachitumiza kwa apongozi a Danang, amene amakhala kutsidya kwa mtsinje, ndipo iwo anachitumiza kwa mwana wawo Ratih popanda kuwonjezera liwu.

Loweruka m'mawa kabaza wa njinga yamoto anaima pageti, Danang n'kutsika ndi katoni kukhwapa. Anabwera pa sitima yapamtunda osandiuza. Anapsompsona dzanja langa, koma maso ake anali ofiira, ndipo tiyi amene ndinamuikira sanamukhudze. Anandiyalira foni patebulo.

"Ibu, mwachiona ichi?" Ibu ndi mmene mwana amaitanira amayi ake kuno.

Ndinadziona ndekha chakumbuyo. Sindinkadziwa kuti ndachepa chonchi.

"Akuti ndinagulitsa njinga ya bambo."

"Njinga si iyo pansi pa nsaluyo, Le? Aliyense wofuna abwere adzavundukule." Ndimamutchabe Le, monga timaitanira ana athu aamuna, ngakhale wayamba imvi m'mbali.

"Ndiye bwanji simukukwera? Ngati yavuta ndikonzetsa. Ngati mukuiopa ndikugulirani yaing'ono."

Ndinamuuza zonse, bwinobwino, kuyambira pa fungo la malaya. Sanandidule mawu. Mwana wanga si wopusa, ndipo bambo ake ankawakonda. Nditamaliza anayang'ana nsalu yophimba njinga ija, n'kupukuta m'maso ndi kuseri kwa dzanja.

"Ndamva, Ibu. Ndipo simukulakwa. Koma anthu saona mapapo a bambo, amaona dengu. Amayi ake a Ratih sanandiyankhe moni sabata yonse. Anzanga amene ndinakula nawo m'kanjira muno akunditumizira chithunzi chomwecho, wina n'kufunsa ngati ndikufuna andisonkhere. Ine ndimadzuka mdima kukakwera sitima yodzadza kuti inu musasowe kanthu, lero dzina langa ndi mwana wotaya mayi ake."

"Ndiye ndikhale m'nyumba, Le, ndizilankhula ndi analimata?"

"Ayi. Muziyenda. Tsiku lililonse, mtunda umene mufune."

Anatsegula katoni ija. Munali nsapato zothamangira zoyera mbee, thirakisuti ya buluu ya mizere iwiri m'mbali, ndi kachipewa kovala pamwamba pa mpango. Anazitulutsa chimodzichimodzi n'kuziyala pampando.

"Mukavala izi palibe amene anene kuti mukuvutika. Aziti Bu Tarmi akulimbitsa thupi. Akazi a mabwana amayenda chonchi m'mawa uliwonse, anthu n'kumawasirira. Chachikulu dengu lizitsala. Ndadutsira kumsika, ndalankhula ndi Yu Painem. Wakabaza wina azikubweretserani zonse pageti."

"Ndiye njinga izibwera ndi utsi wake mpaka pakhomo panga? Ndapindulanji?"

"Munthuyo amadutsa kale pano tsiku lililonse, akupita kukasiya katundu wa ena. Mukane musakane, adutsa."

Ndinafuna kumukalipira. Ndinafuna kumufunsa kuti ndi nzeru ya mtundu wanji yoti kuyenda wopita kwinakwake ndi manyazi, koma kuyenda wosapita kulikonse ndi ulemu. Mawu anali atafika kale pakhosi. Koma iye anatsika pampando, kugwada pansi, kuyenda ndi maondo mpaka pamene ndinakhala, n'kuika nkhope yake pa maondo anga monga timachitira kwa makolo pa tsiku la Idi popempha chikhululuko. Silinali tsiku la Idi. Ndinamva misozi yake ikudutsa nsalu yanga.

"Chonde, Ibu. Ndatopa ndi manyazi."

Mayi wanji angakane mwana ali pamenepo? Ndinamusisita m'mutu n'kunena kuti ndamva. Lamlungu anakwera sitima yobwerera, ndipo dengu ndinalikoleka pa msomali kukhitchini.

Lolemba ndinavala zonse. Pagalasi ndinkaoneka ngati mphunzitsi wa masewera amene anaiwala kupuma ntchito. Nsapatozo, ndisaname, zinali zofewa, bondo silinadandaule. Ndinatseka geti n'kuyamba kuyenda, manja ali lendelende, osadziwa kowaika.

Pak Jumadi anatulukira pakona. Ndinali nditakonza kale bodza la tsikulo, mwa chizolowezi. Iwo anandiyang'ana kuyambira kuchipewa mpaka kunsapato, kukweza chala chachikulu m'mwamba, n'kufuula kuti, "Limbani, Bu!" Liwiro sanachepetse. Wachiwiri anachita chimodzimodzi. Wachitatu anangoliza hutala. Munthu wolimbitsa thupi sumuimitsa, ungamuonongere masewera ake, ndipo kumuuza kuti akwere kungakhale kumunyoza. Aliyense kuno amadziwa zimenezo. Ndinayenda mpaka pa mlatho, kuima, kuyang'ana madzi akuda aja, n'kubwerera. Pageti ndinapeza jumbo ili lende, wakabaza atapita kale.

Danang ananena zoona, nkhani inatheratu. Bu Wiwik anandijambulanso, ulendo uno chakumaso, n'kulemba kuti amayi tonse titengere chitsanzo. Anandikuwira ali pa njinga tsidya lina la msewu.

"Bu Tarmi, bwanji osangonena kuti ndi masewera? Lamlungu amatseka msewu waukulu wa m'tauni kuti anthu aziyenda. Ndidzakunyamulani pa njinga mpaka kumeneko, tikayende limodzi!"

Ndinati zikomo, ndiona. Anali atapita ndisanamalize.

Pamene ndinayamba kumva kupweteka ndi tsiku lachitatu kapena lachinayi. Ndinadzipeza ndikuchepetsa liwiro njinga ikamveka kumbuyo, khutu lili tcheru kudikira kulira kwa buleki. Anthu omwe aja ndinkawang'ung'udzira kuti sandisiya, anandisiya. Shuga wa Pak Jumadi sindinkadziwanso kuti ali pati. Mwana wolephera mayeso uja kaya anabwereza kaya anasiya. Ndinamva kuti Mbah wina, gogo wa kanjira kachiwiri, wamwalira kudzera pa chimkuzamawu cha kumzikiti, ine amene ndikanadziwa pa tsiku limene anayamba kudwala. Ndinkayenda pakati pa anthu anga, onse akundimwetulira, ndili ndekha kuposa momwe ndinkakhalira m'nyumba. Ndinkalira? Ndinkalira, pa mlatho paja, nditatsitsa kachipewa kumaso.

Tsiku lachisanu ndi chinayi ndinafika pa mlatho, miyendo n'kukana kubwerera. Ndinawoloka. Ndinalowa mumsika nsapato zoyera zikuponda m'madzi a nsomba, ndipo sindinasamale.

Yu Painem anandiona ndili patali, n'kuika manja m'chiuno.

"Ee! Alendo ochokera ku mpikisano wa dziko lonse! Mendulo ili kuti?"

"Mundisiye, Yu."

"Katundu wanu wapita kale, Bu. Bonongwe, tempe, tsabola. Mwaphonyana ndi wakabaza panjira."

"Ndikudziwa."

Anandiyang'anitsitsa, nthabwala n'kumuthera. Anakankha kampando kaja ndi phazi, ndinakhala. Anandiuza kuti wa kokonati uja dzino lake lagwa, ndinaseka, kenaka ogula anachuluka iye n'kutanganidwa. Ndinakhalabe. Koma munthu sungakhale pa benchi ya mnzako mpaka kalekale ulibe chogula, umatchinga malonda. Ndinaimirira n'kuloza mpukutu wa bonongwe.

"Ndipatseni uwo."

"Wina? Mukudya ndi ndani?"

"Ingondipatsani, Yu. Ndikufuna ndichoke pano nditanyamula kanthu."

Anafuna kuika mu jumbo, ndinakana. Jumbo imaoneka. Ndinatsitsa zipi ya jekete, kulowetsa bonongweyo pamimba, mizu pansi masamba m'mwamba, n'kutsekanso mpaka pakhosi. Yu Painem anabweza jumbo ija pamalo pake.

Ndinabwerera nditapinda mkono umodzi pamimba kuti usagwe. Ine Sutarmi, wa zaka makumi asanu ndi zisanu ndi zinayi, amene sindinabepo ngakhale singano, ndinayenda mumsewu wakwathu ndikubisa masamba anga omwe. Madzi ake ozizira ankatsetsereka kulowa mu thalauza. Pafupi ndi pakona ndinamva njinga ya Pak Jumadi, ndimaidziwa kulira kwake. Theka la ine linkaopa kuti aona chotupa cha pamimbacho, chithunzi china n'kuyamba ulendo wa ku Jakarta. Theka linalo linkapempha kuti aone, amange buleki, aike phazi pansi, andivutitse monga kale. Dzanja langa linafika pa zipi. Ndinangofunika kuitsitsa pang'ono, tsamba limodzi lisuzumire. Ndinakumbukira kunyowa kwa nsalu yanga pa maondo, dzanja n'kubwerera.

"Limbani, Bu!"

Chala m'mwamba, anadutsa.

Pageti jumbo inali lende. Ndinalowa nayo, kuyala mipukutu iwiri patebulo, wa wakabaza uli wowongoka, wanga utafota ndi kutentha kwa thupi. Ndisanavule nsapato foni inalira. Anali Danang, ali pa nthawi yopuma kuntchito, ndipo mawu ake anali opepuka momwe ndinali ndisanawamvere chimwalirire bambo ake.

"Ibu! Mwayenda lero?"

"Ndayenda, Le."

"Amayi ake a Ratih aona chithunzi chatsopano chija. Akuti nawonso akufuna nsapato zotero. Dzulo anandiimbira okha, tinacheza mpaka kuseka. Ndikugona bwino tsopano, Ibu. Nanga inu? Zikukusangalatsani eti?"

Ndinayang'ana bonongwe wofota uja. Kumbuyo kwa mawu ake kunkamveka anzake akuseka, mbale zikugundana.

"Zikundisangalatsa, Le. Nsapato zake n'zofewa."

"Ndinadziwa. Ndithamange, Ibu, nthawi yatha. Mudye bwino."

Ndinaphika mipukutu yonse iwiri, poti kutaya chakudya ndi tchimo, ndipo mphikawo unandikwanira masiku atatu. Tsiku limenelo ndinacheza ndi anthu awiri okha, ndipo amene ndinabala ndekha ndinamunamiza.